Oraimo, "AKG" wa ku Limbe kapena KZ? Yankho langa pa funso la mahediseti otchipa

Achimwene, mwafunsa kuti pa atatu awa, Oraimo wa waya, "AKG" amene mwamuona pa msika wa Limbe, ndi KZ amene mnzanu akuti akhoza kukuitanitsirani kunja, womveka bwino ndi uti, poti ndalama ndi zochepa ndipo nyimbo mumamvera mu minibasi pochoka ku Ndirande kupita kuntchito. Ambiri amene akuyankhani akungoti "tengani wa besi yambiri basi." Ine pamenepo nditsutsa pang'ono.

Tiyambe tachotsapo AKG uja. Dzina limeneli ndi la kampani yakale ya ku Austria yomwe ili pansi pa Harman, ndipo Harman inagulidwa ndi Samsung mu 2017. Chaka chomwecho Samsung inayamba kuika mahediseti a AKG m'bokosi la Galaxy S8. Enieniwo ngabwino ndithu, khutu lililonse lili ndi timasipika tiwiri. Koma amene alendewera pa benchi m'timapepala ta pulasitiki, mulu wonse mtengo umodzi, ambiri ndi okopera. Kunja akopera mpaka waya wokutidwa ndi nsalu uja, m'kati muli kasipika kamodzi kosadziwika komwe kachokera. Wina amatuluka wabwinoko, wina khutu lakumanzere limamveka kuposa lakumanja, ndiye ndi mwayi chabe. Ngati pali m'bale wanu amene anasunga enieni a m'bokosi la foni yake, mupempheni amenewo. A pa benchi asiyeni.

Tsopano nkhani ya besi. Kupanga hediseti ya besi yambiri n'kosavuta, n'chifukwa chake bokosi lililonse lalembedwa "super bass". Chovuta n'kupanga besi yoti ikagunda isakwirire zina zonse. Mwakwerapo minibasi ija yoti aika sipika pansi pa mpando wakumbuyo, mpando kumangonjenjemera koma osamva kuti woimbayo akunena chiyani? Mahediseti otchipa ambiri ali choncho. Ndiye poyesa musamangomvera kugunda. Mverani zinthu zitatu: pansi pomwe pali besi ndi ng'oma yaikulu, pakati pomwe pali mawu a munthu ndi gitala, ndi pamwamba pomwe pali timbale ta ng'oma ndi zilembo ngati "s" ndi "ts". Hediseti yabwino imadziwikira pakatipo.

Oraimo ndi wa Transsion, kampani yomweyo ya Tecno, itel ndi Infinix. Kwa makutu anga, a waya awo amakonda besi yonenepa, mawu a woimba amakhala ngati abwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo pamwamba sipalasa. Amapiano ndi dansiholo zimakoma, komanso mukhoza kumvera tsiku lonse khutu osatopa. Mukaika kwaya m'pamene mumaona malire ake: soprano, alto ndi tenala zimaunjikana, simungathe kutsatira liwu limodzi palokha. Ubwino wake amapezeka m'tauni momwe muno, maiki ndi batani zimagwira pa foni yanu popanda vuto, ndipo akaduka simulira kwambiri. Chenjerani chabe kuti nayenso ali ndi okopera ake, gulani mu shopu yodziwika.

KZ ndi nkhani ina, ndipo mufunse mnzanuyo kuti ndi KZ uti, chifukwa alipo ambirimbiri. Wotchuka ndi ZSN Pro. Khutu lililonse lili ndi kasipika wamba koimba besi, ndi kena kakang'ono kotchedwa balanced armature, mtundu umene umagwiritsidwanso ntchito m'zipangizo zothandiza anthu ovutika kumva. Mukangomuvala koyamba mumadabwa: timaphokoso tomwe simunamvepo m'nyimbo yomwe mwaidziwa kalekale, chala chikutsetsereka pa nsambo ya gitala, woimba akukoka mpweya asanayambe vesi. Koma pamwamba pake m'pakuthwa. Nyimbo ikakhala yojambulidwa mu situdiyo yaing'ono, monga zilili nyimbo zathu zambiri, "s" aliyense amabaya, ndipo mukamafika pa Ginnery Corner mwayamba kale kutsitsa voliyumu. Ena amakonda zimenezo, ine ayi. EDX, wa kasipika kamodzi, ndi wotchipa kuposa ZSN Pro ndipo sabaya chotero.

Poti mnzanuyo akuitanitsa kale, bwanji osamuuza ayang'anenso 7Hz Salnotes Zero, Tangzu Wan'er kapena Moondrop Chu II? Zero ndi Wan'er anatuluka mu 2022, Chu II mu 2023, onse pa mtengo wa madola pafupifupi 20. Ndikudziwa, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, madola 20 si masewera. Koma awa ndi amene anasintha maganizo a anthu pa mahediseti otchipa, chifukwa anawachuna moyandikira muyezo wa Harman, womwe unachokera pa kafukufuku wa Sean Olive ndi anzake a ku kampani ya Harman ija, wofufuza kamvekedwe kamene anthu ambiri amakakonda akamamvera osaona dzina la chipangizo. Pa Zero kwaya imamveka mwadongosolo, liwu lililonse pamalo pake, koma wokonda amapiano aona ngati besi yachepa. Wan'er ali ndi besi yokwanira ndipo mawu a munthu sasowa. Zikanakhala ndalama zanga, ndikanatenga Wan'er, kenako Zero, kenako Oraimo weniweni, ZSN Pro pambuyo pake.

Koma zonsezi n'zachabe ngati timphira ta kumapeto sitikukwanani, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira hediseti yabwino. M'bokosi mumabwera timphira tamitundu itatu, tating'ono, tapakati ndi tatikulu, koma ambiri amangovala tomwe tabwera titaikidwa kale, tinato n'kutaya. Besi ya hediseti yolowa m'khutu imadalira kuti mpweya usatuluke. Yesani chonchi: valani, ikani nyimbo, kenako kanikizani pang'ono ndi chala. Besi ikabwera mwamphamvu mutakanikiza n'kuthawa mukachotsa chala, kamphirako n'kakang'ono, sinthani. Povala, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo kuti njira itseguke. Ndipo musadabwe khutu lina likafuna kapakati, lina kakakulu, zimachitika.

Kutseka bwinoku kumatetezanso makutu. Mahediseti aja osalowa m'kati, opangidwa ngati a iPhone, amalowetsa phokoso lonse la injini ndi la kondakitala, ndiye munthu umakweza mpaka kumapeto. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa ma decibel 80 (muyezo wa kukwera kwa phokoso), ndipo ukakweza kuposa apo maolawo amachepa msangamsanga. Kungoti mukatsika n'kumawoloka msewu pa Limbe paja, chotsani khutu limodzi, a kabaza sadikira.

Musaiwalenso nyimbo zomwe zili m'foni mwanumo. Fayilo yomwe yadutsa m'mafoni ambiri, wina anaichotsa pa vidiyo, wina n'kuipanikiza kuti isadye bandulo, siingamveke bwino pa hediseti iliyonse, ndipo hediseti yabwino ndiyo imaulula kwambiri kuipa kwake. Poyesa gwiritsani MP3 ya 320 kbps (nambalayi ikakula ndiye kuti fayilo sinapanikizidwe kwambiri), kapena 128 ikhale yotsikitsitsa. Equalizer ya m'foni, ija yosinthira besi ndi kamvekedwe, ithimitseni kaye. Ndipo mukamafananiza awiri, onetsetsani kuti akumveka mofanana kukwera kwake, chifukwa wokwera mawu nthawi zonse amanamiza khutu kuti ndiye wabwino.

Za mahediseti a Bluetooth, opanda waya: pa ndalama zomwezo wa waya amapambana, chifukwa pa wopanda waya ndalama zambiri zapita ku batire ndi zamagetsi zam'kati, ndipo magetsi akazima ndi chinthu chinanso chofuna kutchaja. Ngati foni yanu ilibe bowo la 3.5 mm, mufunika kachingwe ka USB-C, ndipo funsani kokhala ndi DAC m'kati, kachipangizo kosandutsa nyimbo za m'foni kukhala mawu omveka pa hediseti, poti kopanda DAC sikagwira pa mafoni ambiri.

Mukasankha zoitanitsa, muuzeni mnzanuyo momveka kuti mukufuna wokhala ndi maiki. KZ, Zero ndi Wan'er amagulitsidwa mitundu iwiri, wa maiki ndi wopanda, ndipo pa chithunzi amaoneka chimodzimodzi. Waya wake ndi wozula, ndiye ukadzakodwa pa chitseko cha minibasi mudzangogula waya wina, koma muone kaye mtundu wa timapini take chifukwa ta KZ ndi ta Zero sitifanana.