Asisi, diresi losayesa musalipire

Ayi asisi, ayi ndithu. Akangokuuzani kuti za pa sale siziyesedwa, tumizani kaye theka pa Airtel Money tikusungireni, inu bwezani foni m'chikwama. Ndawerenga zomwe mwalemba m'gulu lino, za diresi la pa sale limene mukufuna kukavala ku ukwati wa mchimwene wanu, mpaka manja akunjenjemera, chifukwa mawu oti siziyesedwawo ndi omwewo anandiuza ine, ndipo mpaka lero vidiyo ya chinkhoswe cha mng'ono wanga sindiyionera.

Munali mu December 2023. Mukukumbukira mmene zinthu zinalili, kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu November, chilichonse m'tauni chitakwera, ena akusintha mitengo kawiri pa sabata. Kwathu woyamba kubadwa ndine, mayi athu anatisiya, ndiye pa chinkhoswe amene amaimira ngati mayi kuchikazi ndinali ine. Mtundu wa tsikulo tinagwirizana buluu. Ndalama zambiri zinali zitapita ku mpunga, nkhuku, tenti ndi mipando, ya chovala changa inatsala yochepa. Ndikudutsa mu Old Town, mu Lilongwe muno, ndinaona shopu ina atamata mapepala ofiira pagalasi, 50% OFF, ndipo pachidole atavekapo diresi la buluu lalitali, lokongola zedi. Mtengo analemba K120,000 n'kuukhwatcha, pansi pake K60,000. Ndinati Mulungu wandiona.

Nditapempha kuyesa, mtsikana wogulitsayo anati madam anakaniza, za pa sale siziyesedwa chifukwa anthu amazidetsa ndi mafuta odzola. Ndinati chabwino, ndipatseni la pachidolelo ndilione bwino. Anati limenelo ndi lachionetsero, analowa kuseri n'kubwera ndi lina lili m'pulasitiki yomata. Lisiti lake kapepala kolemba pamanja, pansi atadindapo kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Kunyumba ndinaliyesa, linandikwana bwinobwino, ndinaima pagalasi, ana anaombera m'manja.

Tsiku la chinkhoswe ku Area 25 kunatentha koopsa, kuja kumatentha mvula ikafuna kugwa masana. Anthu anadzaza, a kuchimuna anabwera ndi minibasi ziwiri kuchokera ku Kasungu. Itafika nthawi ya perekani-perekani MC anakuwa kuti a kuchikazi onse aimirire, mkulu wake wa mkwatibwi atsogole. Ndinanyamuka ndi ma K500 anga m'manja, ndikuvina, azakhali ndi anzanga a kumpingo ali pambuyo panga, nthungululu zili pakamwa. Nditafika kutsogolo ndinamukumbatira mng'ono wanga, kenako ndinagwada kuti ndipereke moni kwa apongozi ake monga mwa ulemu wathu. Bondo litangofika pansi ndinangomva kumsanaku kuti phwee. Msoko wonse, kuyambira pamene pathera zipi mpaka kumunsi, unamasuka nthawi imodzi. Osati kabowo ayi asisi, diresi linatseguka lonse. Ndinamva mphepo kumsana ndisanamvetse chomwe chachitika. Nthungululu zinaduka. Ana amene anakhala pamkeka kutsogolo anayamba kuseka, mnyamata wa kamera ali chilili kumbuyo kwanga kamera ikujambula, azibambo a kuchimuna akuyang'ana kumbali, MC naye mawu anamuthera. Ndinalephera kudzuka, chifukwa ndikanadzuka zonse zikanaonekera. Ndinangokhala chogwada pamaso pa apongozi, ndalama zili m'manja, misozi ikugwera pa ndalamazo, mpaka azakhali anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa, n'kundikoka kupita kuseri kwa nyumba.

Kuseriko ndi kumene ndinaona zinanso. Thukuta linali litasungunula utoto, m'khwapa ndi m'khosi muli buluu yekhayekha, pitikoti yoyera itasanduka. Ndiye poti ndinamukumbatira mwana uja, paphewa pa chovala chake panatsala chibanga cha buluu, ndipo chikuoneka pa zithunzi zonse. Nthawi imene ankhoswe amasinthana nkhuku, a kuchimuna kupereka tambala ife kupereka msoti, ine ndinali nditakhala pa ndowa pafupi ndi mapoto a nsima, nditavala bulauzi yobwereka. Mwambo umene mayi athu akanakhala kutsogolo, ine ndinaumvera pa sipika. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa kuposa ndalama.

Telala wathu wa pa Nsungwi atalitembenuza diresilo anangopukusa mutu. Anandionetsa kuti msoko anaudutsa kamodzi kokha, m'mphepete mwenimweni mwa nsalu osasiyako ngakhale pang'ono, ndipo ulusi wake umaduka ukangoukoka ndi zala. Anati ngakhale munthu wowonda bwanji likanamuphulikira tsiku loyamba kukhala pansi.

Lolemba ndinabwerera ku shopu kuja ndi diresi ndi lisiti lawo lomwe. Ndinalankhula mwaulemu, sindinakweze mawu. Mwini wakeyo anali atakhala pa kauntala akudina foni, sanandiyang'ane n'komwe kumaso. Analigwira diresi ndi zala ziwiri n'kunena mokweza, makasitomala ena akumva, kuti mayi mwavala kale, mwavinira, lero mukufuna ndalama? Kenako anati vuto si diresi, vuto ndi thupi lanu, muzidziwa size yanu musanalowe m'mashopu a anthu. Atsikana ake akuseka. Nditati onani msokowu, anandilozera chidindo chija n'kuitana mlonda kuti andiperekeze panja. Ine mayi wa ana atatu, wogwira ntchito yanga, kutulutsidwa ngati ndaba! Mayi ameneyo ngati ali m'gulu lino awerenge, adziwe kuti sindinaiwale. Munthu wotani wogulitsa chinthu akudziwa kuti n'chowola, n'kumutukwananso amene wamupatsa ndalama? Amakaniza kuyesa chifukwa amadziwa kuti mukangokweza mkono m'shopu momwemo chinyengo chawo chionekera, nkhani ya mafuta odzola ndi bodza.

Ndipo chinandimaliza ndi ichi. Ndikutsika kupita ku depoti, cha ku Malangalanga, ndinaliona diresi lomwelo, mtundu womwewo, litapachikidwa pa K45,000, popanda pepala lofiira lililonse. Ndiye kuti K120,000 ija sinakhalepo chiyambire, anangoilemba kuti aikhwatche.

Taganizani nokha asisi. Zovala zatsopano zambiri m'tauni muno anthu amakapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena kuitanitsa ku China, ndipo zonsezo zimafuna ndalama yakunja imene ikusowa m'mabanki. Awonjezere thiransipoti, msonkho pa boda, lendi ya shopu. Ngakhale a kaunjika, mu February 2025 anachita kuyenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula kukwera kwa mabelo. Ndiye wina akuuzeni kuti wadula mtengo pakati chifukwa chokukondani? Chimene chatsika theka nthawi ngati ino, kapena chinakhalitsa pawindo dzuwa n'kuchipsereza, kapena chili ndi chilema, kapena mtengo woyambawo ndi wopeka. Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi akuba, ena akuvutika ngati ife tomwe, koma wachilungamo sakukanizani kuyesa.

Za chidindo chija, mnzanga wa kuntchito anadzandiuza pambuyo pake kuti mawu oti katundu sabwezedwa alibe mphamvu pa lamulo ngati chinthucho chili chowonongeka, ndipo a Competition and Fair Trading Commission, aja a CFTC, bungwe loteteza ogula, akhala akuchenjeza mashopu za zimenezi. Ofesi yawo ili mu Lilongwe momuno ndipo amalandira madandaulo a ogula. Ndiye lisiti muzitenga nthawi zonse, lokhala ndi dzina la shopu ndi tsiku, ngakhale ine langa anangoliponya pa kauntala. Ndalama yotumiza pa foni kwa munthu amene simunamuone nkhope ndiye yoopsa kwambiri, mawa adzakuuzani kuti size yanu yatha tengani lina, kapena nambala osapezekanso.

Ine tsopano zovala zanga ndi za kaunjika za mumsika wa kwa Tsoka. Pitani m'mamawa pamene akutsegula mabelo, musanadye n'komwe, chifukwa ofika masana amapeza zosankhidwa kale. Valani kabudula wothina ndi kamalaya kopepuka mkati kuti muziyesa pomwepo, palibe amene angakukanizeni. Chovala chilichonse chitembenuzeni, onani m'khwapa, kokani msoko ndi manja awiri, zipi muitsegule ndi kuitseka kangapo. Nenererani, mtengo woyamba si womaliza. Tengani ndalama zing'onozing'ono, zina za pa timilatho tamatabwa tija ngati muolokere ku Lizulu, ndipo foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Madiresi ena a m'mabelo amakhala osavalidwapo, chikwangwani chake chikadali pompo, ndipo kusoka kwake simungayerekeze ndi zimene ndinagula ine.

Komabe ngati diresi mwalionalo lakukhalani pamtima, pitani mukalione, mwina lanulo ndi labwino, sale zenizeni ziliko. Mashopu akuluakulu a ku Gateway Mall akamachotsa katundu wa Khirisimasi mu January amatsitsadi, ine nsapato za ana ndimagula nthawi imeneyo ndipo zimalimba. Kungoti mupite nokha ndi miyendo yanu, ndalama ili m'manja. Akakana kuyesa, auzeni atsegule pulasitiki pamaso panu, mutenge tepi muyeze m'chiuno ndi pachifuwa, mupukute mkati mwake ndi kansalu koyera konyowa muone ngati utoto ukuchoka. Mukagula, lipite kaye kwa telala adutsenso msoko wakumbuyo ndi wa m'mbali, ndipo kunyumba muliyese mutakhala pampando, mutagwada, mutakweza manja, osati chongoima.

Kapenanso gulani nsalu yanu mukasoketse, ndi zimene ndikanakonda kwa munthu wopita ku ukwati wa mchimwene wake. Koma mwati ukwatiwo ndi liti? Ngati ndi mwezi uno za telala musaziganizirenso, nyengo ya maukwati amalandira nsalu za anthu onse n'kumakuuzani bwerani mawa mpaka Lachisanu usiku. Ngati nthawi ilipo, muuzeni tsiku la masabata awiri m'mbuyo, ndipo musamupatse ndalama yonse asanamalize.