Kumanga pampu yobweza madzi mu sump

Achimwene a ku Senga Bay, mwafunsa chifukwa chake paipi ikumavuka pa pampu yobweza madzi kuchokera mu sump (kathanki kapansi kosefera madzi) kupita m'thanki ya nsomba. Vuto ndi kunjenjemera kwa pampuyo. Pakati pa pampu ndi paipi ya PVC lumikizani kapaipi kofewa ka masentimita 15, mumange ndi zomangira zapulasitiki. Zachitsulo sizichedwa kuchita dzimbiri m'madzi amchere. Pamwamba pake ikani union (cholumikizira mapaipi chotheka kumasula) kuti muzichotsa pampu osadula paipi, kenako valavu. Valavuyo ikhale kotulukira madzi, kolowera ayi, pampu ingapse. Guluu aume maola 24.

Magetsi akathima, ndipo kuno ku Salima amathima ndithu, madzi amabwerera mu sump n'kusefukira pansi. Boolani kabowo ka mamilimita 3 pa paipi, pansi pang'ono pa madzi a m'thanki, mpweya uzilowa n'kuletsa madzi kubwerera. Check valve (valavu yoletsa madzi kubwerera) musaidalire, kamchenga kamodzi kamaisiya yotseguka.