Kodi Madalaivala a Formula 1 Ankaonadi Nthawi pa Wotchi Yapamkono?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndikuona mawotchi akale a Heuer ndi Rolex akugulitsidwa ndalama zoti munthu n'kumangira nyumba, ati poti ndi a mpikisano wa galimoto. Kodi madalaivalawo ankawagwiritsadi ntchito?"

Achimwene, ali pa chiwongolero ayi. Taganizirani Lotus 49 ya mu 1967, galimoto ya mpikisano wa Formula 1 imene dalaivala Jim Clark anapambana nayo ku Zandvoort, ku Netherlands, tsiku lomwe inalowa koyamba mumpikisano. Kagalimoto kowonda ngati bwato, matayala ali panja, dalaivala atatsamira chagada pakati pa matanki a petulo, injini ya Cosworth DFV ikubangula kumsana kwake. Dzanja lina pa chiwongolero, lina likulimbana ndi magiya. Wotchi akanaiona nthawi yanji? Owerengera nthawi ankakhala m'mbali mwa msewu, kawirikawiri akazi a madalaivala omwewo, atanyamula kathabwa kokhala ndi ma stopwatch angapo, mawotchi oyezera masekondi. Dalaivala akamadutsa ankangomuimikira bolodi ya manambala.

Komabe mawotchiwa si achabe. Manambala ozungulira m'mphepete aja, otchedwa tachymeter, amagwiradi ntchito: mumadina batani poyambira kilomita, n'kudinanso pothera. Ngati papita masekondi 20, muvi umaloza 180, ndiye liwiro la galimotoyo, makilomita 180 pa ola.

Koma kutchuka kwake kunabwera ndi malonda, ndipo apa ndi pamene nkhani imandikomera. Jo Siffert wa ku Switzerland, amene anapambana British Grand Prix ya 1968 pa Lotus 49B, anagwirizana ndi Jack Heuer, mkulu wa kampani ya mawotchi ya Heuer, kuti azivala chizindikiro cha Heuer pa ovolosi yake. Munthuyu malonda anali m'magazi: ankapikula mawotchiwo n'kumagulitsa kwa madalaivala anzake ndi amakaniko. Katswiri wa mafilimu Steve McQueen pojambula filimu ya mpikisano wa galimoto ya Le Mans, yomwe inatuluka mu 1971, anatengera kavalidwe ka Siffert, koma pamkono anavala Monaco, wotchi ya Heuer ya makona anayi. Siffert mwiniwake ankavala Autavia, wotchi inanso ya Heuer. Ine ndikanakhala ndi ndalama ndikanasankha Autavia, poti ndi imene inanunkhadi utsi wa mpikisano. Kuyambira 1971 mpaka 1979 Heuer ndiyo inkawerengera nthawi timu ya Ferrari, ndi makina amagetsi, osati apamkono.

Za mitengo, chimene anthu amalipira ndi dzina la amene anavala. Rolex Daytona ya katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulidwa madola 17.8 miliyoni ku New York mu 2017, pomwe poyamba mtundu umenewu unkachita kugona m'masitolo.

Ngati mukufuna kugula, chenjerani. Ambiri mwa mawotchi akalewa anasinthidwa nkhope, mivi, ngakhale makina am'kati. Wina akakuonetsani "ya m'ma 1960" koma yolembedwa TAG Heuer, musatulutse chikwama: dzina la TAG linabwera mu 1985.