Disiki yatuluka: ndivomere opaleshoni kapena ndidikire?

Bambo wina wa ku Katete, wa zaka 46, watilembera imelo. Mwezi watha ananyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50, msana unagwira pomwepo, ndipo tsopano ululu ukutsika kuchokera m'thako mpaka m'katumba wa mwendo wamanzere. Anakajambulitsa MRI (chithunzi choonetsa m'kati mwa thupi) ku Lusaka, n'kuuzidwa kuti disiki ya msana yatuluka. Akufunsa kuti: "Ndichitidwe opaleshoni? Abale akundiopseza kuti sindidzayendanso."

Bambo, ngati mwendo uli ndi mphamvu zake ndipo mukukodza bwinobwino, mwezi umodzi wachepa. Disiki ili ngati kamphira kokhala pakati pa mafupa a msana, kunja kolimba, m'kati kofewa. Ikang'ambika, zam'katizo zimatuluka n'kupana mtsempha wopita kumwendo, kawirikawiri pa L4-L5 kapena L5-S1, cha pamene pamadutsa lamba. Thupi limatha kuyamwa lokha chotulukacho, ndipo ambiri amapeza bwino pakati pa masabata 6 ndi 12. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2007 anapeza kuti ochitidwa opaleshoni msanga ululu wa mwendo unawathera mwachangu, koma pakutha chaka anali chimodzimodzi ndi amene anayamba adikira.

Apa mpamene ambiri amakhumudwira: opaleshoni yochotsa kachidutswa ka disiki imachiza mwendo kuposa msana. Dokotala amacheka masentimita awiri kapena atatu, amasuntha mtsempha pang'ono, n'kuchotsa chopanacho. Disiki yokhayo imatsala yotha momwemo. Amene vuto lake ndi msana wokhawokha, mwendo uli bwino, kawirikawiri sapindula kwenikweni. Chithunzi cha MRI chisakuopseninso, pakuti anthu ambiri osamva ululu uliwonse akajambulidwa amapezeka ndi disiki yotupa.

Kupuwala kumene abale akunena n'kosowa kwambiri. Chofala ndi disiki kutulukanso pamalo omwewo, mwina munthu m'modzi pa 10 kapena 20 alionse, makamaka osuta fodya ndi othamangira khasu bala lisanapole. Nthawi zina kachikopa kokuta mitsempha kamabooka, madzi a mumsana n'kumadontha. Mutu umawawa mukadzuka, mumagona chagada masiku angapo mpaka patseke. Bala limathanso kuchita mafinya, makamaka kwa odwala shuga.

Koma pali zizindikiro zosadikira m'mawa. Mkodzo kukana kutuluka kapena kutuluka wokha, chimbudzi kuthawa, dzanzi pakati pa miyendo, pamalo pokhalira chishalo cha njinga: pitani kuchipatala cha St Francis kapena cha Chipata Central tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha yopanidwa chotero ikachedwa kumasulidwa imatha kuonongekeratu. Phazi likayamba kukhwekhwereza, patapata n'kumavuka yekha poyenda, onanani ndi dokotala msanga. Kuno kwathu tisaiwalenso TB ya msana. Kuonda, thukuta la usiku ndi ululu wosaleka ngakhale mutagona si za disiki, ayeze bwino.

Podikirapo musagonere pamphasa tsiku lonse. Yendani pang'onopang'ono pamalo osalala, mphindi 10 kangapo patsiku, ndipo pemphani kuonana ndi a fiziyo, ophunzitsa masewera olimbitsa thupi kuchipatala. Mankhwala a ululu, ibuprofen kapena diclofenac, imwani mutadya, masiku ochepa, osaphatikiza ziwirizi. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena muli pa ma ARV, funsani kaye kuchipatala.

Masabata 12 akatha mwendo ukadali moto, tulo osagona, opaleshoni ndi yoyenera kuiganizira. Funsani dokotalayo kuti achotsa kachidutswa kokha kapena amanga mafupa ndi zitsulo, chifukwa yachiwiriyo ndi yaikulu ndipo pa disiki imodzi yotuluka sikawirikawiri kufunika. Konzaninso pogona ku Lusaka masiku angapo mutatuluka. Makilomita pafupifupi 500 a Great East Road mutakhala m'basi, bala lili laliwisi, si ulendo wa tsiku lotsatira. Matumba ndi khasu musiyire ana kwa masabata osachepera 6.