Mwana wanga anauma pakamwa pa asembule, tsopano akufuna kutula udindo

Mayi wina wa ku Chiputula wandilembera za mwana wake wamkazi wa Folomu 3, yemwe wasankhidwa kukhala mtsogoleri wa atsikana pasukulu pawo. Lolemba lina aphunzitsi anamuuza kuti ayankhule pa asembule. Mtsikanayu anachezera usiku wonse kuloweza, koma atangoima kutsogolo mawu anamuthawa, pepala likunjenjemera m'manja, anzake n'kuyamba kuseka. Tsopano akufuna kutula pansi udindowo, ndipo zoti adzakhale loya akuti wazisiya. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi kuyankhula pagulu ndi mphatso yobadwa nayo, kapena pali chimene tingachite?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa. Nanenso ndikufunseni kaye. Mwanayu akabwera kumsika wa Zigwagwa n'kumakusimbirani za mkangano wa wakabaza ndi kasitomala wake, kodi mawu amamuthawa? Sindikukhulupirira. Amasimba mwatsatanetsatane, manja ali m'mwamba, mawu a wakabaza akuwatengera ndendende, inu kuseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu ameneyo amadziwa kale kuyankhula. Chimene chinamugwetsa pa asembule paja ndi kuloweza.

Mfundo imeneyi ndiikhalitsa pang'ono chifukwa ndiyo imavulaza ana athu ambiri. Mayeso a MANEB awazoloweza kumeza manotsi monga alili n'kukawalavula papepala, ndiye akapatsidwa mpata woyankhula amachita chimodzimodzi. Koma mawu olowezedwa ali ngati mikanda ya paulusi umodzi: ulusi ukangoduka pamalo amodzi, mikanda yonse imamwazika. Waiwala liwu limodzi, chiganizo chotsatira chapita, ndipo palibe pogwira. Nkhani ya wakabaza ija saiiwala chifukwa sanailoweze. Amadziwa chimene chinayamba, chimene chinatsatira ndi mmene zinathera, mawu amangobwera okha, ndipo akaisimba kawiri mawuwo amasiyana koma nkhani ndi yomweyo.

Ndiye iwe mwanawe, popeza ndikudziwa kuti amayi akuwerengetsa, ulendo wina udzachite chonchi. Udzifunse kuti anzako akamabalalika kupita m'makalasi, ukufuna atenge chiyani m'mutu. Ngati sungathe kuchinena m'chiganizo chimodzi, sunakonzeke. Ukachipeza, pezanso mfundo ziwiri kapena zitatu zochichirikiza, iliyonse ndi chitsanzo chimene anzako akuchidziwa, monga mpopi wa kuseri kwa labu umene umangotayika madzi. Uwafotokozere amayi zonsezo m'Chichewa kaye, ali pa ntchito zawo kukhitchini, mpaka amve bwinobwino. Kenako uzinene m'Chingerezi. Pakapepala kokwana m'chikhatho ulembepo mitu yokha, mawu atatu kapena anayi pa mfundo iliyonse. Choloweza chikhale chiganizo choyamba ndi chomaliza basi, kuti udziwe polowera ndi potulukira.

Za kunjenjemera, usadzione ngati wodwala. Maso ambiri akakutembenukira, thupi limaganiza kuti pali ngozi, ndiye limatulutsa adrenaline, timadzi tokonzekeretsa thupi kuthawa kapena kulimbana ndi ngoziyo. Mtima umathamanga kuti magazi afike msanga m'minofu, malovu amachepa, n'chifukwa chake m'kamwa mumauma, manja n'kumagwedezeka. Zimachitikira abusa, aphungu ndi aphunzitsi amene akhala zaka zambiri pa choko. Kawirikawiri zimakula kwambiri mphindi yoyamba kenako n'kumazilala. Usanaitanidwe, koka mpweya ndi mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono motalikirapo kuposa mmene unaukokera, kanayi kapena kasanu. Imwa madzi pang'ono. Ukafika kutsogolo ponda pansi ndi mapazi onse awiri, uyang'ane anthu kaye usanatsegule pakamwa. Ndipo kuno ku Mzuzu, m'mawa wa June kapena July uli ndi kuzizira kwake konjenjemeretsa ngakhale munthu wopanda mantha, choncho juzi usaisiye.

Ndikufuna udziwe za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Mu 2007, ali ndi zaka 19, anamuitana ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ku msonkhano wa TED, kumene anthu amafotokoza nzeru zawo zatsopano pagulu. Mantha anamugwira, Chingerezi chinamuthawa, ndipo ankangoyankha mafunso ndi mawu ochepa. Komabe anthu anamuombera m'manja kwambiri, chifukwa chimene ankanenacho anali atachipanga ndi manja ake. Mu 2009 anaimanso pa msonkhano womwewo ku Oxford n'kuyankhula yekha momasuka, akufotokozanso za mantha a tsiku loyamba lija. Makanema onse awiri ali pa intaneti. Ukapeza bandulo uwaonere motsatizana, uone chimene zaka ziwiri zimachita.

Tsopano ndibwerere kwa inu, mayi, ndi kwa makolo ena amene mukuwerenga. Tinene zoona, ana athu, makamaka atsikana, timawalera kuti pamaso pa akulu azigwada, aziyang'ana pansi, azitsitsa mawu, ndipo akulu akamakamba iwo azikhala chete. Ulemu umenewo ndi wabwino ndipo sindikunena kuti tiutaye. Koma mwana amene kwa zaka 16 wakhala akumva kuti "khala chete, akulu akuyankhula" sitingamudabwe akasowa mawu pamaso pa ahedi ndi ana mazana angapo. Mupatseni bwalo pakhomo. Mukatha kudya nsima madzulo, aimirire n'kukufotokozerani kwa mphindi ziwiri chimene waphunzira tsikulo, kapena nkhani imene wamva pa wailesi. Bambo ake akhale pompo, akumvetsera. Musamudule pakati kuti mumukonze. Akamaliza, yambani ndi chimene mwamva bwino, kenako mutchule chinthu chimodzi chokha choti akonze mawa. Alendo akabwera, iye ndiye apemphere. Kutchalitchi akamafuna wowerenga mawu kapena wophunzitsa ana a Sande sukulu, mulimbikitseni akweze dzanja. M'mera mpoyamba, ndipo malo ang'onoang'ono amenewa ndiwo amachotsa manthenthe kuposa malangizo anga onsewa.

Pali chinanso chimene ana amabisa: amaopa kusekedwa Chingerezi. Wina wasokoneza L ndi R, kalasi yonse kugwa nako kuseka, basi mwana uja sadzayankhanso chaka chonse. Zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa osekawo nawonso amasokoneza momwemo. Katchulidwe kamawongoka ndi kuwerenga mokweza mphindi khumi tsiku lililonse ndiponso kumvera owerenga nkhani pa wailesi. Chimene omvera amafuna kwenikweni n'chakuti amve zimene ukunena, ndipo mdani wamkulu pamenepo ndi liwiro. Wamantha amathamanga kuti amalize msanga akhale pansi. Wolankhula modekha m'Chingerezi amanena mawu pafupifupi 130 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti zoyankhula za mphindi zitatu zisapitirire mawu 400. Mubwerekeni foni yanu adzijambule, kenako adzimvere. Tsiku loyamba adzachita manyazi ndi mawu ake, aliyense amatero, koma adzamva yekha pamene akumeza mawu ndi pamene akudzaza "eee" m'malo mongopuma.

Za uloya asafulumire kuzisiya. Mayeso ambiri a MSCE ndi olemba, ndiye mwana angathe kukhoza bwino osatsegulapo pakamwa, koma kutsogoloko kulibe kothawira. Wophunzira zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba adzaima pamaso pa woweruza. Wophunzira zauphunzitsi ku Mzuni, pa Luwinga pompa, amatumizidwa kukaphunzitsa kalasi yeniyeni asanalandire digiri, ndipo wa zokopa alendo ntchito yake yonse ndi pakamwa. Namwino amaphunzitsa amayi kusikelo. Ngakhale wofuna ntchito ya mu ofesi amayamba wakhala pamaso pa anthu atatu kapena anayi omufunsa mafunso. Mwana wanu wakumana nazo ali Folomu 3, nthawi yokonza ikadalipo yambiri. Ngati pasukulu pawo pali kalabu ya mtsutso kapena ya zisudzo, alowe temu ino.

Udindowo asatule. Mayi, ngati mungathe, pitani mukaonane ndi mphunzitsi amene amayang'anira atsogoleri a ophunzira, mumupemphe kuti Lolemba likubwerali ampatse mwanayu chilengezo chachifupi, cha ziganizo ziwiri kapena zitatu, monga nthawi yosesa kapena ya masewera. Asadikire mwezi, chifukwa akachedwa kubwerera pamalo paja mantha amamera mizu. Iwe mwanawe, tsikulo usankhiretu anzako atatu okufunira zabwino, wina aime kumanzere, wina pakati, wina kumanja chakumbuyo. Uziyankhula ndi iwowo mosinthanasinthana, mokweza kuti wakumbuyoyo amve. Lolemba linalo uwonjezere ziganizo zina ziwiri. Temu ikamatha mundilemberenso, ndikufuna kudzamva mmene zayendera.