Timizere takuda tija musataye

Mayi wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti posesa m'nyumba ya malemu bambo awo ku Dedza anapeza sutukesi yakale, m'katimo muli zithunzi za ku Joni, za ukwati, ndi timizere ta filimu m'maenvelopu a Kodak. Zina zafiira, zina zamatana. Akufunsa chochita nazo, komanso ngati timizereto ndi totaya.

Mayi, ndiyambe ndi timizereto. Amenewo ndi manegetivu, ndipo ndiwo mwini chithunzi. Pepala lija ndi mwana chabe. Filimu imodzi ya 35mm inkajambula zithunzi 24 kapena 36, ndiye mukawaunika pawindo mungapezemo nkhope zomwe mapepala ake anasowa kalekale kapena anagawidwa kwa abale. Agwireni m'mphepete, chala chisakhudze pakati. Akamanunkha ngati vinega ndiye kuti ayamba kuwonongeka, apatuleni ndipo athamangire kusikana, kutanthauza kuwakopera mu kompyuta ndi makina otchedwa sikana.

Kufiirako si dothi, musapukute. Chithunzi cha kala chili ndi utoto wamitundu itatu, wina umafulumira kufwifwa, wotsalawo n'kumaoneka wofiira. Pakompyuta zimakonzeka ndithu. Zakuda ndi zoyera zimapirira chifukwa zinapangidwa ndi siliva. Zomatanazo ndi ntchito ya chinyezi cha dzinja. Osazikakamiza. Ine ndinang'ambapo nkhope ya agogo anga chifukwa cha phuma, mpaka lero chimandiwawa.

Sikanani mapepala pa 600 dpi (dpi ndi muyeso wa pa sikana wa kuoneka bwino kwa chithunzi), manegetivu pa 2400 kapena kuposa. Kenako musunge m'maenvelopu a pepala, pamwamba pouma, kutali ndi chiswe ndi chuku. Zokamatitsa pulasitiki ku shopu zija ayi, sizimatukanso.

Koma sikana idikire kaye, mayi. Ngati azakhali kapena amalume alipo, nyamulani sutukesiyo Loweruka lomweli, mukayale mkeka, muzikawapatsa chimodzichimodzi. Dzina lililonse lomwe atchule mulembe kumbuyo ndi pensulo yofewa, osati bolopeni poti inki imalowerera. Muwafunsenso ngati bambo anapita pa Wenela kapena pa Teba, mabungwe omwe ankalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Dr Banda analetsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo anthu anayambiranso kupita mu 1977 kudzera ku Teba mpaka 1988. Yankho lawo lokhalo likuuzani zaka za zithunzi za ku Jonizo.

Tengani ndi foni, mujambule mawu awo. Akuluakulu akaona suti ndi chipewa cha mlongo wawo sasiya kulankhula msanga, ndiye batire likhale lodzaza.