Kodi chenjezo la frame size ndingalinyalanyaze?

Funso: Akonzi, ndine wophunzira za makompyuta kuno ku Zomba, ndipo ndikulemba driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yaing'ono ya Linux. Mu function imodzi ndaikamo array ya mabayiti 4096, ndipo GCC, compiler yomasulira code, ikundichenjeza kuti frame size (malo a memory amene function imodzi imatenga ikamagwira ntchito) yapitirira mabayiti 2048. Driver ikugwira ntchito bwinobwino, ndiye anzanga akuti ndingokweza malirewo kuti chenjezo lichoke. Kodi nditero? Wophunzira, Chirunga.

Yankho: Ayi, musatero. Pulogalamu wamba pa Linux kawirikawiri imapatsidwa stack (memory imene function zimasungamo zinthu zawo zakanthawi) ya mamegabayiti 8, koma mkati mwa kernel (phata la Linux, kumene driver yanu imagwirira ntchito), pa makina a x86-64, thread iliyonse ili ndi makilobayiti 16 okha, ndipo Linux 3.15 isanatuluke mu 2014 anali makilobayiti 8. Array yanuyo payokha yadya gawo limodzi mwa magawo anayi a malo onsewo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti compiler imayeza function imodzi payokha, pomwe function yanu siyenda yokha: imaitanidwa ndi ina, yomwenso yaitanidwa ndi inzake, kuyambira pa system call (pempho la pulogalamu wamba kwa kernel) mpaka kufika pa driver, ndipo zonsezo zimasanjikizana pa stack imodzimodziyo. Lero zikuyenda chifukwa mndandandawo ndi waufupi. Tsiku limene udzatalike, stack idzasefukira. Ngati setting ya kernel yotchedwa CONFIG_VMAP_STACK, yomwe inabwera ndi Linux 4.9 mu 2016, ndi yoyatsa, kernel idzagunda guard page (malo oletsedwa oikidwa kumapeto kwa stack) n'kuonetsa vutolo pomwepo. Ngati ndi yozimitsa, idzalemba mwakachetechete pa memory ya eni ake, ndipo chowonongekacho chidzaonekera kwina, kutali ndi code yanu.

Malire a 2048 amachokera ku setting ya kernel yotchedwa CONFIG_FRAME_WARN, ndipo mukawakweza mwangotseka compiler pakamwa, stack ikadali yomweyo.

Chotsani array pa stack, mupemphe malowo ndi kmalloc (function ya kernel yopereka memory kunja kwa stack) pogwiritsa ntchito flag ya GFP_KERNEL, muonetsetse kuti sinabweze NULL, ndipo muitane kfree, yobwezera malowo, panjira iliyonse yotulukira mu function, makamaka panjira za zolakwika, chifukwa ndi pamene ambiri amaiwala. Pamene mwagwira spinlock (loko woletsa code ina kukhudza data yomweyo nthawi imodzi), code yanu siiloledwa kugona, kutanthauza kuima n'kudikira, zomwe GFP_KERNEL ingachititse, choncho pamafunika GFP_ATOMIC, ngakhale ine ndimakonda kupempha buffer (malo a memory amenewo) kamodzi pa probe, pamene driver ikulumikizidwa ndi chipangizo, n'kuisunga. Ngati driver yanu ndi ya USB, dziwaninso kuti buffer ya pa stack siiloledwa pa DMA (pamene chipangizo chimawerenga kapena kulemba mu memory mwachindunji). Mukamaliza, yendetsani make checkstack muone function zomwe zikudyabe malo ambiri.